FEIRA, MSIKA WAKALE WA PA MATHIRIRO A LUANGWA

Basi yocokera ku Lusaka ikatha kukwera ndi kutsika mapiri a Manenekela, imaima pa msika wa pa Ulalo wa Luangwa kuti apaulendo aongole miyendo. Palibe munthu wa ku Rufunsa, ku Mpanshya kapena ku Chinyunyu amene sadziwa msika umenewu. Pali nsomba zouma zounjikidwa pa mathandala, madengu ndi zipewa za mlaza, mphasa za bango, malambe, ndiponso masau m'nyengo yace. Anthu amagula, nadya, nakweranso basi kupitirira ku Nyimba, Petauke ndi Chipata. Koma pafupi ndi msikawo pali mseu wina wopatukira kum'mwera, umene ambiri amangouona ndi maso, osaupondapo moyo wao wonse. Mseuwo utsata mtsinje wa Luangwa mtunda wa makilomita ngati 90, ndipo umathera pa madzi. Pothera pacepo ndi pa boma la Luangwa, pamene akuluakulu amachula kuti Feira kufikira lero lino.

Dziko la Zambia liribe nyanja yamcere. Ofuna kukapuma pa gombe amapita ku Siavonga pa nyanja ya Kariba, tauni imene ena anaipatsa dzina lakuti "Riviera ya Zambia" poifanizira ndi magombe ochuka a ku France ndi Italy. Ena amapita ku Samfya kukaona mcenga woyera wa nyanja ya Bangweulu. Malo onsewa ali kutali ndi banja la mlimi wa ku Rufunsa, ndipo ulendo wace umadya ndalama za matumba angapo a cimanga. Feira ali pakhomo. Alibe dzina lacilendo lomukometsa, koma kunena za mbiri, Siavonga ndi mwana wa dzulodzuloli pamaso pace. Siavonga anabadwa pamodzi ndi damu la Kariba limene linatha kumangidwa mu 1959, pamene pa mathiriro a Luangwa anthu anali kusinthana minyanga ndi nsalu zaka mazana awiri Lusaka asanakhale likulu la dziko.

POKOMANA MAIKO ATATU

Munthu akaima pa doko la Luangwa m'mamawa, amaona maiko atatu osasuntha phazi. Pamene waimapo ndi Zambia. Kum'mawa, tsidya la mtsinje wa Luangwa, kuli Zumbo m'dziko la Mozambique, pafupi kotero kuti nyumba zace ndi utsi wa pa mafuwa zimaoneka bwino lomwe. Kum'mwera, tsidya la Zambezi, kuli dera la Kanyemba m'dziko la Zimbabwe. Pamenepa ndi pamene Zambezi atsazikana ndi dziko la Zambia, atalandira madzi a Luangwa, nalowa mu Mozambique. Damu la Cahora Bassa, limene linatsekedwa mu 1974, liri kutali kunsi kwa mtsinje, koma nyanja yace ikadzaza, madzi ace amabwerera kufika pafupi ndi Zumbo.

M'dziko lonse la Zambia mulibe malo otsika kuposa awa. Oyesa malo anapeza kuti mtsinje pamenepa uli pa mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yamcere, pamene Lusaka ali pa mamita oposa 1,200. Ndico cifukwa cace kumatentha motero. Mwezi wa Okutobala dzuwa limaswa mtengo, nthaka nikana phazi lopanda nsapato, ndipo mlendo wocokera kumtunda amagona panja usiku wonse akudzipepesa ndi cipewa. Eni dziko anazolowera. Nchito zao amazigwira mbandakuca ndi madzulo, ndipo masana amathawira pansi pa mitengo.

M'dzinja Luangwa amabwera wofiira ndi matope amene wawatola ulendo wonse kucokera ku mapiri a Mafinga. Zambezi, popeza matope ace ambiri amatsalira m'nyanja ya Kariba, amafika ndi madzi oyererako. Tsono mitsinje iwiriyi ikakomana, madzi ace amayenda moyandikana kamtunda ndithu asanasakanizike, ofiira mbali iyi, oyera mbali iyo. M'malimwe Luangwa amaphwa, nasiya mcenga wotambalala umene mlendo angauyese gombe la nyanja. Pamenepo mpofunika cenjezo, pakuti mcengawo uli ndi eni ace. Ng'ona zimaothera dzuwa pomwepo, ndipo mwana wa pa Feira amaphunzira kuopa madzi odekha asanaphunzire kuwerenga.

DZINA LIMENE LINAKANA KUFA

Feira si dzina la mfumu kapena la mtsinje ai. Ndi liu la Cipwitikizi lotanthauza msika, makamaka msika waukulu kumene amalonda akutali amasonkhana pa nyengo yace. Apwitikizi anali ndi misika yotere ingapo kum'mwera kwa Zambezi, m'dziko la Mwene Mutapa, kumene anali kugula golide. Mu 1693 ankhondo a Changamire anaononga msika wa Dambarare, ndipo amalonda opulumuka anayamba kufuna malo ena okhazikika. Ca m'ma 1720 anawapeza pa mathiriro a Luangwa, mtsinje umene iwo anali kuuchula Aruângua. Munthu wina wocokera ku Goa m'dziko la India, dzina lace Pereira, ndiye akumbukiridwa monga woyambitsa mudzi wa Zumbo, ndipo tsidya lino la mtsinje, pamene panali kucitikira malonda, panatsala dzina lakuti Feira.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, maina ambiri a atsamunda anacotsedwa. Fort Jameson anasanduka Chipata, Broken Hill anasanduka Kabwe, Abercorn anasanduka Mbala, ndipo Feira anachedwa Luangwa. Maina enawo anaiwalika msanga, kotero kuti mnyamata wa lero ukamuuza za Fort Jameson amangoti kukamwa yasa. Koma Feira anakana kufa. Phungu woimira anthu a kumeneko ku Nyumba ya Malamulo amachedwa phungu wa Feira kufikira tsopano. Ndiponso dzina lakuti Luangwa liri ndi eni ambiri: pali mtsinje, pali ulalo, pali nkhalango za nyama za South Luangwa ku Mfuwe ndi North Luangwa, zimene ziri makilomita mazanamazana kumpoto. Munthu akangoti ndikupita ku Luangwa, womva amafunsa kuti Luangwa uti. Cotero pa siteshoni ya basi anthu amati "Luangwa Boma" kapena "Luangwa Feira", ndipo dzina lakale lija limabweranso lokha.

Zaka za m'ma 1700 zinali zaka za mwai pa Zumbo ndi Feira. Golide anali kubwera kucokera kum'mwera, minyanga ya njobvu ndi mkuwa kucokera kumpoto ndi kumadzulo, ndipo ngalawa zinali kukwera kucokera ku Tete zitasenza nsalu, mikanda ndi zina zotere. Ansembe a cipani ca Dominiko anamanga chalichi ca miyala, ndipo mmodzi wa iwo, Pedro da Trindade, anakhala kumeneko zaka zambiri nachuka pa malonda monga momwe anachukira pa mapemphero. Koma alendowa anali kukhala m'dziko la eni. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800 ankhondo a Mfumu Mburuma anathira nkhondo Zumbo, amalonda nathawira tsidya lino, nabwereranso, nathamangitsidwanso. Cilala cinaonjeza mabvuto, ndipo njira za golide zinatsekeka.

Mu Novembala 1835 kunacitika cinthu cimene Angoni a ku Chipata saiwala. Zwangendaba ndi khamu lace, pocokera kum'mwera, anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo tsiku limene kadamsana anagwira dzuwa, mdima nugwa usana. Mwa ana amene anaoloka tsiku limenelo munali Mpezeni. Caka cotsatira, mu 1836, Apwitikizi anacoka pa Zumbo, ndipo msika uja unasanduka bwinja. Imeneyo inali imfa yoyamba ya Feira.

BELU LOSWEKA

Patapita zaka makumi awiri, pa 14 Januwale 1856, David Livingstone anafika pa mathiriro a Luangwa pamodzi ndi Amakololo oposa zana amene anali kumperekeza ulendo wa ku nyanja ya kum'mawa. Miyezi iwiri yapitayo anali ataona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Pa Feira anapeza makoma ogumuka a chalichi atamera chire, ndipo pambali pace panagona belu losweka lokhala ndi mtanda ndi zilembo zakuti I.H.S. Panalibe wolambira ngakhale mmodzi.

Usiku umenewo mzunguyo sanagone tulo tabwino. Anthu a Mburuma anali kumkayikira, ndipo anali ndi cifukwa, pakuti alendo a khungu loyera amene anawaona kale anabwera ndi mfuti nagwira anthu. M'mawa amuna a m'midzi anasonkhana pa gombe atanyamula zida, akazi ndi ana atawacotsa, cimene munthu aliyense wodziwa nkhondo akadacimva tanthauzo lace. Anabwereka alendowo bwato limodzi lokha, ngakhale kuti ena anali omangirira pomwepo. Livingstone anayamba waolotsa katundu, kenaka ng'ombe ndi anthu ace, iye natsalira m'mbuyo. Nthawi yonseyo anali kuonetsa amuna a zida aja wochi yace ndi galasi lotentha zinthu ndi dzuwa, kuti mitima yao ikhale pa zodabwitsazo kufikira bwato litabwera ulendo wotsiriza. Pamenepo anawathokoza, nalowa m'bwato, naoloka popanda mkondo kuponyedwa. Tsidya linalo anapeza mabwinja a nyumba za miyala za amalonda a Zumbo.

Nkhani imeneyi imakambidwa kawirikawiri monga umboni wa kulimba mtima kwa mzunguyo. Koma wolingalira bwino aona kuti anthu a Mburuma nawonso anacita cinthu cacikuru tsiku lija. Anali ndi mphamvu zonse zomupha, anali ndi zifukwa zomuopera, koma anamleka apite.

KANYEMBA, MATAKENYA NDI CHANGA CHANGA

Apwitikizi anabwerera pa Zumbo mu 1862, koma mphamvu zeni zeni sizinali m'manja mwa boma lao. Zinali m'manja mwa anthu a mfuti amene anali ndi maina awiri awiri, la ubatizo ndi limene anthu anawapatsa. José do Rosário Andrade ndiye Kanyemba, ndipo dzina lacelo liripobe pa dera la tsidya la Zambezi. José de Araújo Lobo ndiye Matakenya, dzina limene m'khutu la munthu wolankhula Cinyanja limakumbutsa kacirombo kaja kolowa m'zala za kumapazi. Anthu awa anamanga malinga, nasonkhanitsa magulu a Acikunda, natumiza ankhondo ao kukasaka njobvu ndi anthu m'maiko a Ansenga, Asoli, Alenje ndi Atonga. Makolo a anthu a kwa Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bundabunda anali m'njira ya magulu amenewa. Wogwidwa anali kutsika naye cigwa ca Luangwa goli liri m'khosi, ndipo pa mathiriro ndi pamene anali kuona dziko la kwao kotsiriza.

Posimba zimenezi sikuyenera kuloza cala Acikunda a lero. Makolo ao ambiri anali akapolo iwo eni, otengedwa m'mitundu yosiyanasiyana kukatumikira pa minda yaikuru ya Apwitikizi kunsi kwa Zambezi, ndipo m'kupita kwa nthawi anasanduka mtundu wa pa wokha, wa cilankhulo cace cofanana ndi Cinyungwe ca ku Tete. Anali akatswiri opalasa ngalawa ndi osaka njobvu, ndipo luso la pa madzi likali m'manja mwa zidzukulu zao. Lero Acikunda a Mfumu Mphuka amacita mwambo wao wa Dantho, ndipo Ansenga-Luzi a Mfumu Yaikuru Mburuma amacita wa Mbambala, monga momwe Asoli a kwa Bundabunda amacitira Chibwela Kumushi.

Mu 1887 pa bwinja la Feira panafika mzungu wina wocokera ku South Africa, John Harrison Clark, amene anthu anamucha Changa Changa. Munthu ameneyu sanatumidwe ndi boma liri lonse. Anasonkhanitsa anyamata a Cinsenga, nawapatsa mfuti, nadziika yekha kukhala mfumu. Anali kukhometsa msonkho amalonda odutsa, kuweruza milandu ndi kulimbana ndi ogwira akapolo, ndipo ulamuliro wace unafika kutali cakumpoto ndi kumadzulo. Mu 1895 anacoka pa Feira nakamanga mudzi pafupi ndi pokomana mitsinje ya Lukasashi ndi Lunsemfwa, kuseri kwa mapiri a kumpoto kwa Rufunsa. Kampani ya British South Africa itafika, inakana kubvomereza ufumu wace ndi mapangano ace a malo, ndipo Changa Changa anatsiriza moyo wace monga munthu wamba ku Broken Hill, kumene anamwalira mu 1927.

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 ndilo linasandutsa mtsinje wa Luangwa kukhala malire pamenepa. Zumbo ndi Feira, midzi imene inakula monga mapasa, inagwera m'maiko awiri. Anthu ace sanafunsidwe, ndipo kufikira lero mabanja ambiri ali ndi malume tsidya lino, azakhali tsidya ilo.

MAULALO AWIRI APHA DOKO

Mu 1902 Kampani inatsegula boma pa Feira, ndipo mudzi unadzukanso. Ng'ombe zocokera ku Tanganyika zinali kuolotsedwa pamenepa kupita ku Southern Rhodesia. Amuna a ku Fort Jameson, Petauke ndi Nyasaland ofuna ndalama za msonkho anali kutsika cigwa wapansi, naolokera pomwepa kukafuna nchito m'migodi ndi m'mapulazi a ku Halale. Ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangeti, ena anasanduka machona. Mu 1910 boma latsopano la ku Portugal linathamangitsa ansembe a Cijezuiti m'maiko ace, ndipo a pa mishoni ya Miruru, tsidya la Luangwa, anangooloka mtsinje nakhazikika pa Kapoche, kenaka pa Katondwe. Mishoni ya Katondwe iripo m'mbali mwa mseu wa ku Feira, ndi cipatala cace cimene cimalandira odwala a tsidya zonse za mtsinje, ndi sukulu ya sekondale ya atsikana.

Imfa yaciwiri ya Feira inabwera popanda mfuti. Mu 1932 ulalo woyamba unamangidwa pa Luangwa, pa mseu waukuru wa kum'mawa, ndi ndalama za bungwe la Beit. Mu 1935 likulu linasamukira ku Lusaka, ndipo mu 1939 ulalo wina unatsegulidwa pa Chirundu. Kucokera pamenepo munthu wa ku Fort Jameson akanatha kufika ku Lusaka ndi ku Halale pa galimoto osanyowetsa phazi. Doko la Feira linatsala pakati pa maulalo awiriwo monga nyumba imene njira yaisiya. Msika sunafe konse, koma unasamuka, nukwera mtsinje kukakhala pamene magalimoto amaima. Amai amene amagulitsa nsomba ndi madengu pa Ulalo wa Luangwa lero, kaya adziwa kaya sadziwa, ndiwo alowa m'malo a amalonda a Feira.

Pambuyo pa ufulu, kukhala pa malire a maiko atatu kunasanduka tsoka. Tsidya la Zambezi kunali boma la Ian Smith, limene linadzilengeza lokha mu 1965, ndipo tsidya la Luangwa kunali Apwitikizi olimbana ndi FRELIMO. Ulalo wakale wa Luangwa unaonongedwa ndi adani m'masiku amenewo, ndipo umene magalimoto amadutsapo tsopano, wolenjekeka pa zingwe zacitsulo, ndi wa mu 1968. Pa 6 Marichi 1978 asilikari a Rhodesia anabwera ndi ndeke ndi mahelikopita nathira nkhondo msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA pa Kavalamanja, mudzi wa m'mbali mwa Zambezi kumtunda kwa boma. Omenyera ufulu, asilikari a Zambia ndi anthu wamba anataya miyoyo yao, ndipo otsala anasiya nyumba ndi minda nathawa. Mwezi wa Marichi anthu amasonkhana kukumbukira za Kavalamanja ndi Kakaro. Zimbabwe atalandira ufulu mu 1980, mtendere sunafike msanga, pakuti nkhondo ya pa ciweniweni ya mu Mozambique inapitirira kufikira 1992, ndipo anthu a ku Zumbo anaolokera tsidya lino kudzabisala kwa abale ao.

PHULA LAFIKA

Zaka zambiri mseu wocokera pa ulalo unali wa fumbi m'malimwe ndi wa matope m'dzinja, ndipo mphunzitsi kapena namwino wotumizidwa ku Feira anali kutsazika abale monga wopita kundende. Mseuwo unathiridwa phula pa nchito ya Link Zambia 8000 imene Boma linayamba mu 2012, caka comweco cimene Rufunsa anapatulidwa ku Chongwe nakhala boma pa yekha. Tsopano ulendo umene unali kudya tsiku umatha maora owerengeka, ndipo alendo ayamba kufika.

Cimene cimawakoka coyamba ndi mtsinje. Okonda mbedza amabwera miyezi yotentha kudzalimbana ndi mceni, nsomba ya mano ngati misomali imene imalumpha pamwamba pa madzi ikakodwa. Ena amakwera boti kupita kumtunda, kudutsa Kavalamanja kufikira ku mpata wa Mpata, kumene Zambezi amapanikizika pakati pa mapiri. Kupitirira pamenepo kuli nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa mu 1983, ya ukulu wa masikweya kilomita 4,092. Koma munthu safunikira kulowa m'nkhalangoyo kuti aone nyama. Mvuu zimalira usiku pafupi ndi nyumba za pa boma, nkhwazi, mbalame ya pa mbendera ya dziko, imatera pa mitengo ya pa gombe, ndipo njobvu zimadutsa mseu monga eni ace. Pakati pa milambe ikuluikulu ya pa boma pali cipilala cosimba mbiri ya malowa, cimene mwana wa sukulu angawerenge pa mphindi zowerengeka, naphunzira zimene mabuku ace amangozikhudza pang'ono.

Ndiponso Feira wabwerera ku tanthauzo la dzina lace. Pa doko pamafika mabwato ndi maboti odzaza nsomba za mcere ndi zowamba, zambiri zocokera ku nyanja ya Cahora Bassa kudzera pa Zumbo. Amalonda a ku Lusaka ndi ku Migodi amadikira pomwepo, ndipo mitolo ina imayenda ulendo wonse kufika ku Kasumbalesa pa malire a Congo. Pa gombe pamamveka Cikunda, Cinsenga, Cinyanja, Cibemba, Cishona ndi Cipwitikizi nthawi imodzi. Miyezi yozizira masau amapsa m'cigwa monse, amai nawatola, nawayanika, nawatumiza m'matumba ku misika ya mu Lusaka. Otsala amathera m'phala, ndipo ena, monga adziwira onse, amathera m'mphika wa kacasu.

Koma pali zinthu zimene mlendo wa masiku awiri saziona. Njobvu imene iye amaijambula mokondwa ndi yomweyo imene imatha munda wa cimanga usiku umodzi, ndipo m'dziko la mvula yocepa ngati ili, munda umodzi ndiwo cakudya ca caka conse. Anthu amalima m'madimba a m'mbali mwa mtsinje cifukwa kumtunda n'kouma, ndipo kumeneko ndi kumene mvuu zimadya. Alimi amagona m'misasa akuomba zitini, ena amachinga minda ndi nsanza zopaka tsabola, koma caka ndi caka kumamveka maliro a munthu wopondedwa ndi njobvu kapena wogwidwa ndi ng'ona potunga madzi. Malamulo a za nyama amapatsa anthu a m'madera ozungulira nkhalango gawo la ndalama kudzera m'makomiti ao, ndipo ndi bwino kuti anthu a m'midzi adzifunsa pa misonkhano kuti ndalamazo zagwira nchito yanji. Nyumba zogona alendo za m'mbali mwa mtsinje zimalemba nchito anyamata ena a komweko, koma mitengo ya zambiri mwa izo si ya mlimi. Mudzi ukakhala wa alendo okha, mwini dziko akungonyamula zikwama, ndiye kuti mbiri ya Zumbo yabwereza m'zobvala zatsopano.

Nsombazo nazo ziri ndi malire. Ukonde wa udzudzu umene cipatala cimapereka kuti uteteze ana ku malungo, ukalowa m'madzi umakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo msodzi wotero amadya mbeu ya caka camawa. Ndico cifukwa cace Boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto a Febuluwale, nyengo imene nsomba zimaswana. Miyezi itatu imeneyo ndi yowawa pa doko ndi pa msika wa pa ulalo pomwe, popeza ndi nyengo yomweyo imene nkhokwe zimakhala zopanda kanthu. Koma Feira anafapo kale pamene golide analeka kubwera, nafanso pamene apaulendo anapeza njira yina, ndipo cuma cimene camudzutsa ulendo uno ciri m'madzi.

Banja la ku Rufunsa lofuna kukaona malowa licita bwino kupita pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kusanatenthe, pamenenso masau ali pa mtengo. Aphunzitsi amene amatengera ana ku akasupe otentha a pa Chinyunyu angathe kuonjeza tsiku limodzi, nafika nao pa cipilala ndi pa doko. Magalimoto opita ku boma amapezeka pa mphambano ya pa ulalo. Wofuna kuolokera ku Zumbo ayambe waonekera ku ofesi ya za malire ndi makalata ace, asakwere bwato lodzaza kopitirira, ndipo asatambalitse dzanja m'madzi. Kusamba mu mtsinje, ngakhale pa mcenga pooneka posaya, eni dziko amaletsa. Ulendo wa pa boti ndi wa mphindi zowerengeka, ndipo wobwerako madzulo amaona dzuwa likulowa kumtunda kwa Zambezi, kumbali ya Kavalamanja, asodzi akukankhira mabwato ao m'madzi kupita kukachera maukonde a usiku.